Musanagule Sienta ya geni, werengani kaye ndalama za ku galaja

Nandolo akagulitsidwa, mpunga wa ku Chilwa ukapeza msika, banki mkhonde ikagawana kumapeto a chaka, funso lomwe limafika kwambiri ku danga lino ndi lakuti: ndapeza kangachepe, kodi ndigule kagalimoto kuti ndisiye kulipira hayala? Ambiri mwa ofunsawo maso awo amakhala pa Toyota Sienta, ndipo nzosadabwitsa. Imani pa Liwonde kapena pa Mangochi Turn-off kwa mphindi khumi zokha, muwerenge galimoto zomwe zikudutsa ndi anthu, madengu a tomato ndi mabelo a kaunjika. Muona Vitz, Passo ndi Probox apo ndi apo, koma Sienta ndiyo yadzaza msewu.

Ine sindikuletsani kugula. Chomwe ndikufuna tikambirane sabata ino ndi ndalama zomwe wogulitsa sakuuzani. Mtengo womwe mumagwirizana tsiku logula ndi chiyambi chabe. Galimoto izi zimabwera kuchokera ku Japan zitayenda kale zaka zambiri, ndipo kuno timazipatsa ntchito yomwe sizidapangidwire. Zikayamba kudwala, zimadwala malo odziwika, ndipo matenda ake ambiri amayamba ndi kanthu kotchipa komwe mwini wake adati kadikire mwezi wamawa.

Tiyambe ndi katundu, chifukwa apa ndi pomwe ife a geni timalakwira kwambiri. Sienta yomwe yachuluka m'misewu yathu ndi ya mtundu woyamba, yomwe idapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2015. Ili ndi mipando 7 ndi injini ya malita 1.5 yotchedwa 1NZ-FE. Ku Japan akamawerenga kulemera komwe galimoto yonyamula anthu ingasenze, munthu mmodzi amamuika pa makilogalamu 55. Anthu 7 ndiye kuti makilogalamu 385. Amenewa sakwana ngakhale matumba 8 a chimanga a makilogalamu 50, ndipo dalaivala ali momwemo m'chiwerengerocho. Probox, yomwe idapangidwira katundu, malire ake ndi makilogalamu 400 mukakhala awiri kutsogolo. Tsono taganizani Sienta yomwe yanyamula matumba 10 a mpunga ku Ntaja, pamwamba pake anthu anayi, nkumakwera zitunda za msewu wa Bakili Muluzi dzuwa lili paliwombo. Ifika ndithu ku Liwonde, ndipo mawa ipitanso. Koma ulendo uliwonse wotere umasiya ngongole ku miyendo, ku matayala ndi ku giyabokosi, ndipo ngongoleyo idzabwezedwa tsiku limodzi.

Miyendo ndiyo imayamba kudandaula. Ma shock akumbuyo amafooka, galimoto nkumakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira, tayala nkumakhula m'mwamba mukadumpha bampu. Kutsogolo mumamva kugogoda mukalowa msewu wafumbi wopita ku Utale kapena ku Chikweo. Kawirikawiri amenewo amakhala ma bush, ma ball joint kapena timikono ta stabilizer. Chimodzichimodzi mwa zimenezi si chodula kwambiri, koma mukazisiya zimadya matayala mbali imodzi, ndipo matayala awiri atsopano amaposa mtengo wa ma bush omwe mumazengereza kugula. Ball joint ikatheratu imatha kuzuka galimoto ili pa liwiro, tayala nkupindikira mkati. Pamenepo nkhani imafika ku chipatala ndi ku polisi.

Pali kamphira kena komwe ndikupemphani muzikayang'ana sabata iliyonse. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto, musuzumire kuseri kwa tayala lakutsogolo. Muona mphira wamakwinya wokuta CV joint. Ntchito yake ndi kusunga girisi mkati ndi kutsekera fumbi kunja. Akang'ambika, girisi amamwazika, mchenga umalowa, ndipo pakapita masabata ochepa mumayamba kumva kuti kha-kha-kha mukamakhota. Mukamuona msanga, mugula mphira ndi girisi basi. Mukachedwa, mugula CV joint yonse, ndi kulipiranso makaniko pa ntchito yomweyo.

Tsopano giyabokosi, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa mpomwe mipamba ya anthu yathera. Sienta zambiri za mtundu woyamba, zomwe zimakoka ndi matayala akutsogolo okha, zili ndi giyabokosi ya CVT. Pa kachitsulo ka nambala ya galimoto, izi zimalembedwa NCP81. Zokoka ndi matayala onse anayi zimalembedwa NCP85, ndipo zili ndi giyabokosi ya otomatiki wamba ya magiya anayi. Kunja zimaoneka zofanana, koma mkati ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. CVT ilibe magiya odumphadumpha monga tidazolowera. Ili ndi lamba wachitsulo yemwe amayenda pakati pa mapule awiri omwe amatseguka ndi kutsekeka. Lambayu amagwira ntchito bwino pokhapokha oyilo wake akhale woyenera, wosapsa, komanso wokwanira.

Vuto ndi lakuti m'mashopu mwathu oyilo wofiira aliyense amatchedwa wa giyabokosi. Munthu amapita kukagula, nkupatsidwa ATF wamba, makaniko nkuthira. Sabata yoyamba zonse zimaoneka bwino. Kenako galimoto imayamba kunjenjemera ponyamuka, kulira ngati mluzu mukaponda moto, kapena injini kukuwa pomwe liwiro silikukwera. Lamba wayamba kuterereka, ndipo akakanda mapule aja palibenso kuchitira mwina. CVT ya Toyota imafuna oyilo wolembedwa CVT Fluid TC kapena CVT Fluid FE, malinga ndi chaka cha galimotoyo. Werengani nokha pa chigubu, ndipo onani kuti chidindo cha pa chivindikiro sichidatsegulidwe. Oyiloyu ndi wodula kuposa ATF, nzoona, koma amakaniko ambiri akuno satsegula CVT kuti aikonze mkati. Ikafa amakuuzani kuti mukasake ina yonse ku Limbe kapena ku Ndirande, yochotsedwa m'galimoto ina yomwe mbiri yake simukuidziwa. Mulipira giyabokosiyo, thiransipoti yake, oyilo watsopano, ntchito ya makaniko, kuphatikiza masiku omwe galimoto yaima osalowetsa kanthu.

CVT imadananso ndi zizolowezi zingapo zomwe madalaivala athu amazikonda. Kuimitsa galimoto pa chitunda ndi moto m'malo mwa buleki kumaitenthetsa. Kusintha kuchoka pa R kupita pa D galimoto isanaime kumaipweteka. Ikatitimira mumchenga kapena m'matope, kuponda moto mpaka matayala kufuka utsi ndi njira yachidule yoiphera. Tsitsani katundu, itanani anyamata akankhe. Ndipo ikafera panjira, kuikoka ndi chingwe kuchokera ku Ulongwe mpaka ku Balaka matayala akutsogolo ali pansi, injini ili yozima, kumaononga zamkati chifukwa oyilo sakuzungulira. Kunyamula pa lole kumaoneka kodula tsiku limenelo lokha.

Amene mukuganiza za Honda Fit yakale, ya zaka za 2001 mpaka 2007, dziwani kuti nayonso ili ndi CVT yodziwika ndi kunjenjemera ponyamuka, ndipo imafuna oyilo wa Honda, osati wa Toyota. Injini yake ya malita 1.3 ili ndi mapulagi 8, osati anayi, ndipo anayi akumbuyo amaiwalika kawirikawiri pa sevisi.

Chachiwiri chomwe chimapha galimoto izi kuno ndi kutentha. Aliyense wokhala ku Balaka kapena ku Liwonde akudziwa momwe Okutobala ndi Novembala amakhalira. Chaka chatha ndidakwera Sienta ina kuchokera ku Liwonde kupita ku Nselema. Tisanafike pa Nsanama, kanyali kofiira kadayaka pa dashibodi. Dalaivala adakaona, nkunena kuti kamatero nthawi zonse, tikathira madzi kutsogolo. Sitidafike kutsogoloko. Injini idazima yokha, nthunzi ili tolotolo, ndipo mayi wina yemwe adanyamula usipa wokagulitsa tsiku lomwelo adakhala nafe pamthunzi maola atatu, msika ukutha. Nditadutsanso patapita masabata awiri, galimotoyo idali pa galaja, injini itatsegulidwa pamwamba.

Vitz, Passo ndi Sienta zambiri zilibe muvi woonetsa kutentha kwa injini. Zili ndi timagetsi tiwiri: kena kosonyeza kuti injini ikadali yozizira, ndi kofiira kosonyeza kuti yatentha kale mopitirira. Kofiirako kakayaka, nthawi yoti muganizire yatha, patukani, zimitsani. Injini izi ndi za aluminiyamu. Zikapsa, mutu wa injini umapindika, gasiketi imaphulika, madzi nkusakanikirana ndi oyilo. Kuchoka apo ndi kutsegula injini, kutumiza mutuwo kokaupala, kugula gasiketi, oyilo ndi fyuluta, ndipo nthawi zina ngakhale mutachita zonsezi injiniyo sibwereranso mwakale.

Chonsecho zoyambitsa zake zimakhala zazing'ono. Chivindikiro cha radiyeta chotha mphira. Paipi yamadzi yofewa yomwe ikudontha pang'onopang'ono. Fani yosazungulira chifukwa cha fyuzi kapena relay. Pampu yamadzi yomwe yayamba kuchucha. Pa 1NZ-FE mumaizindikira ndi zoumauma zofiirira kapena zoyera m'mbali mwa injini, kufupi ndi lamba. Radiyeta yodzaza udzu ndi fumbi kutsogolo kwake. Komanso madzi omwe timathira. Madzi a m'mijigo yambiri kuno ali ndi mchere, ndipo mcherewo umatseka timipata ta radiyeta monga momwe umayeretsera mkati mwa ketulo. Gulani coolant. Ngati mwapanikizika panjira, thirani madzi omwe alipo injini itazizira, koma mukafika mukhetse nkuika coolant. Musatsegule chivindikiro cha radiyeta injini ili yotentha. Anthu apsa nkhope ndi manja. Amakaniko ena amathamangira kuchotsa thermostat galimoto ikamatentha. Kutero ndi kubisa matenda, ndipo injini imayamba kumwa petulo wambiri chifukwa imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera.

Za oyilo wa injini sindichulutsa. 1NZ-FE ndi injini yopirira, ndipo ili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa timing, choncho mulibe nkhawa yosintha lamba ameneyo. Imalowa oyilo wosakwana malita 4. Koma tcheniyo imadalira oyilo woyera. Ndi fumbi lathuli komanso katundu, sinthani oyilo ndi fyuluta pa makilomita 5,000 alionse, ndipo lembani m'kope, osadalira kukumbukira. Fyuluta ya mpweya muziigwedeza pafupipafupi, ikada musinthe. Vitz ndi Passo zambiri za lita imodzi zili ndi injini ya masilinda atatu yotchedwa 1KR-FE. Imamwa petulo pang'ono, koma imanjenjemera mwachibadwa ndipo imatha msanga mphira zogwirizira injini. Ndi yabwino kwa mayi wopita kukapikula zovala ndi zodzoladzola, osati kwa wonyamula matumba.

Petulo wa m'zigubu naye watipweteka m'zaka zomwe mafuta akhala akusowa pa mafilingi siteshoni. Wina amakhala ndi madzi, wina dothi, wina wosakaniza ndi palafini. Pampu ya petulo ya galimoto izi imakhala mkati mwa thanki, ndipo imaziziritsidwa ndi petulo yemweyo. Chizolowezi chothira malita awiri awiri, kanyali ka mafuta kali choyaka tsiku lonse, chimaipsereza pampuyo. Galimoto ikayamba kudukiza pokwera chitunda kapena kuvuta kulira m'mawa, musathamangire kugula pampu. Pulagi kapena koyilo imodzi yakufa imaonetsa zizindikiro zofanana. Pezani makaniko yemwe ali ndi kompyuta yoyezera, mulipire kuyezako, m'malo mogula masipeyala atatu mongoyerekeza.

Zitseko zotsetsereka za Sienta nazo zimafuna ulemu. Timawilo take timatha ndi fumbi komanso kumenyetsa, ndipo zomwe zili ndi chitseko chamagetsi, chingwe chake chimaduka anthu akamachikoka ndi mphamvu. Pukutani njanji zake, pakani girisi pang'ono, ndipo chamagetsicho muchizimitse pa batani lake ngati mukunyamula anthu.

Nanga zonsezi zimadya ndalama zingati? Pafupifupi sipeyala iliyonse imachokera kunja, choncho mtengo wake umatsata dola. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene adali ndi galimoto nthawi imeneyo akukumbukira momwe matayala ndi mabatire adadumphira. Mtengo womwe mnzanu adagulira shock chaka chatha usakupusitseni. Imbani mashopu awiri kapena atatu, la ku Balaka, la ku Liwonde ndi la ku Limbe, mufunse mtengo wa lero, kenako muchite masamu awa.

Tiyerekeze kuti mukuyenda Liwonde mpaka Mangochi ndi kubwerera kamodzi pa tsiku. Ndi makilomita pafupifupi 150. Masiku 6 pa sabata ndi makilomita 900, ndipo pa masabata 50 ndi 45,000 pa chaka. Ndiye kuti sevisi ikukupezani pakatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi alionse, osati kawiri pa chaka monga amachitira a mu ofesi. Ndalama zomwe ndiike apazi ndi zongoyerekeza kuti njira ya masamu ioneke. Inu muikemo mitengo yomwe mwapeza. Sevisi ikakhala K100,000 pa makilomita 5,000, ndiye K20 pa kilomita. Matayala anayi akakhala K480,000 ndipo atha pa makilomita 30,000, ndiye K16. Ma shock, ma bush ndi mabuleki tiwaike K400,000 pa makilomita 20,000, ndiye K20 ina. Inshuwalansi, COF ndi mapepala ena akakhala K360,000 pa chaka, ndiye K8. Kenako ikani padera ya tsiku loipa, la giyabokosi kapena injini: K1,800,000 yogawa pa zaka ziwiri, makilomita 90,000, ndiye K20. Zonse pamodzi ndi K84 pa kilomita, kapena K12,600 pa ulendo umodzi wa ku Mangochi. Apa simunathire petulo, yemwe pa galimoto yolemedwa yoyenda makilomita 12 pa lita ndi malita 12 ndi theka. Simunalipire dalaivala, oitanira, kapena kubweza ngongole yomwe mudagulira galimotoyo.

K12,600 imeneyo, kapena yomwe ituluke pa masamu anu, si phindu. Ndi ndalama ya galimoto yomwe yangodutsira m'thumba mwanu. Ichotseni madzulo alionse, muiike ku Mpamba kapena ku Airtel Money pa nambala yomwe simugwiritsa ntchito pa geni, kapena ku banki. Ambiri omwe ndawaona akugulitsa Sienta yakufa pa mtengo wa nyama yoola sadali osasamala. Adangosakaniza ndalama ya galimoto ndi ya mpamba, tsono giyabokosi itafa adapita kwa a katapila.

Masamu omwewa akuuzaninso ngati galimoto mukuifunadi. Ngati mumapikula kawiri pa sabata basi, phatikizani zomwe mumalipira hayala pa mwezi, muyerekeze ndi petulo, sevisi, mapepala ndi mpamba womwe mutsekere m'galimotoyo. Inshuwalansi ndi COF zimatha ngakhale galimoto itangokhala pakhomo. Kwa ena yankho likhala lakuti hayala ndi yotchipa, ndipo ndalamayo ipite ku katundu wa mu shopu. Ngati mukuti masiku enawo izinyamula anthu, kumbukirani kuti kunyamula anthu olipira kumafuna chilolezo chake ku Road Traffic, nambala yofiira ndi inshuwalansi yogwirizana ndi ntchitoyo. Ngozi ikachitika muli ndi mapepala a galimoto ya pakhomo, mudzalipira nokha.

Mwatsimikiza kugula? Pitani ndi makaniko wanu, osati yemwe wakupezerani wogulitsa, ndipo mumulipire tsiku lake. Pemphani kuti mukaione m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa injini yotentha imabisa utsi ndi phokoso la tcheni. Tsegulani chivindikiro cha oyilo. Mukaona zoyera ngati chambiko, madzi alowa mu injini. Iyendetseni mpaka itenthe bwino, muikweze chitunda muli anthu angapo, muime pakati pa chitundacho nkunyamukanso, mumve ngati ikunjenjemera. Potembenuza kiyi, onani kuti kanyali ka injini kayaka nkuzima injini ikalira. Ngati sikayaka nkomwe, wina adakachotsa kuti abise vuto. Gwadani muone pansi: sampu yophwanyika, oyilo wodontha, paipi ya utsi yoduladula ndi kuwotcherera. Kwezani makapeti mununkhize. Chidutsireni namondwe Freddy mu Malichi 2023, galimoto zomwe zidamira m'madzi zakhala zikusintha manja, ndipo matenda ake a magetsi satha.

Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire okha, amabwezedwa. Yang'anani kutha kwa mphira wa pa buleki, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala. Ngati yangofika kumene kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, funsani chikalata chotulutsira galimoto ku Japan, chomwe chimaonetsa makilomita omwe idali nawo poyezedwa komweko, ndipo fufuzani timapepala ta sevisi tomata m'mphepete mwa chitseko cha dalaivala. Onaninso mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho udalipidwa. Ngati ndi ya m'dziko momwemuno, nambala ya chasisi ifanane ndi ya pa mapepala, ndipo ndalama yomaliza muipereke pomwe mukusintha umwini ku Road Traffic, mwini wake weniweni ali pomwepo. Sienta yomwe yagwira kale ntchito ya takisi zaka zitatu imatsika mtengo pa chifukwa chake. Muiwerengere ma shock, matayala ndi oyilo wa giyabokosi musanayambe kunenerera.

Ndipo mukayamba kupita ku galaja, sipeyala mukagule nokha kapena mupite limodzi ndi makaniko, mufunse ngati ndi yatsopano, yochotsa m'galimoto ina, kapena yongofanizira. Gwirizanani mtengo wa ntchito spanala isanagwire nati. Ntchito ikatha, pemphani chitsulo chakale chomwe achotsacho mupite nacho kunyumba, ndipo mulembe m'kope muja tsiku, makilomita ndi ndalama zomwe mwalipira.